Zolemba za ntchito: kuyeza ngati mafotokozedwe a zida akumuthandizadi agent

Pomwe ntchito yafika

Seva yomwe tikuyesa idayamba ndi zida 14 (timapulogalamu tomwe agent amaitana kuti timuchitire ntchito) zoyendetsera sitoko, makasitomala, ma invoisi ndi malipiro a shopu ya holoselo. Agent, pulogalamu yomwe imagwiritsa ntchito modelo ya AI posankha ndi kuitana zida, amazifikira kudzera mu Model Context Protocol (MCP), njira yomwe Anthropic idatulutsa mu Novembala 2024 ndipo OpenAI idayamba kuigwiritsa ntchito mu Malichi 2025. Pulogalamu ya pakati, yolumikiza modelo ndi seva, ikafunsa `tools/list`, seva imabweza dzina la chida chilichonse, mafotokozedwe ake, ndi `inputSchema` yolembedwa mu JSON Schema. Modelo imaona zokhazi. Code ya chidacho siiona, database siiona, README yolembera anthu siiwerenga. Chida chingakhale chopangidwa bwino motani, ziganizo zochepa zomwe zikuchifotokoza zikasokoneza, agent amachigwiritsa ntchito molakwika kapena sachikhudza n'komwe.

Funso lomwe tikufuna kuyankha ndi loti tingadziwe bwanji kuti mafotokozedwe awa aposa awo. Mpaka pano zomwe zaoneka ndi zoti kungowerenga sikuyankha funsoli. Pamafunika kumupatsa agent ntchito, kuona chida chomwe wasankha, zomwe waika m'ma parameter (malo odzaza zomwe chida chikufuna), ndi mmene database yathera iye akamaliza.

Kauniuni wa pamwamba watha ndipo ali mu CI, mayeso omwe amathamanga okha code ikasinthidwa. Ntchito zoyesera zalembedwa zonse. Kuyerekeza mafotokozedwe akale ndi atsopano kwatha pa zida zowerenga, zomwe zimangotenga zomwe zili m'database, koma pa zida zolemba, zomwe zimaisintha, kuli mkati. Pa chitetezo tangoyala maziko.

Gawo 1. Kauniuni wa pamwamba: watha

Apa sitikhalitsa. Pali script yaing'ono yomwe imawerenga yankho la `tools/list` n'kugwira zoonekeratu. Dzina likhale la zilembo, manambala, `_` kapena `-`, losapitirira zilembo 64. Parameter iliyonse ikhale ndi `description` yakeyake. Yomwe mayankho ake ndi owerengeka ikhale ndi `enum`, mndandanda wa mayankho ovomerezeka. Mndandanda wa `required` ugwirizane ndi zomwe code ikufunadi. Mafotokozedwe asachepere ziganizo zitatu, potsata malangizo a Anthropic oti ziganizo zitatu kapena zinayi ndiye poyambira.

Zida zonse 14 zimadutsa pamenepa, koma agent akulakwitsabe. Tidayesanso kupatsa modelo ina mafotokozedwewo kuti iwapatse malikisi. Malikisiwo amakwera mafotokozedwe akatalika, chomwe ndi chizolowezi chodziwika cha ma modelo akaikidwa pa mpando wa woweruza, ndipo sagwirizana ndi zomwe agent amachita pa ntchito. Chifukwa chake n'chakuti woweruzayo amaona chida chimodzi pachokha, pamene zolakwika zambiri zimabadwira pakati pa zida ziwiri zofanana. Script tayisiya ngati mlonda wa pachipata. Malikisi a woweruza tawachotsa mu lipoti.

Gawo 2. Ntchito zoyesera: zalembedwa

Ntchito zilipo 120 m'magulu anayi. Zokwana 40 zimafuna chida chimodzi. Zina 40 zimafuna zida zingapo motsatizana, monga kupeza kasitomala, kuona ngongole yake, kenaka kulemba malipiro. Zokwana 20 ndi zomwe agent sayenera kuitana chida cholemba: mwina chida choyenera palibe, mwina pempho ndi losakwanira ndipo ayenera kufunsa kaye. Mu 20 zomaliza seva imabweza cholakwika mwadala, kuti tione ngati agent atha kudzikonza.

Gulu lachitatuli musalisiye. Mayeso omwe ntchito iliyonse ili ndi chida chake amakondera mafotokozedwe okopa, aja odzitama kuti chidachi chimatha chilichonse, chifukwa kuitana chida mosafunika sikutayitsa malikisi. Berkeley Function Calling Leaderboard, ya gulu la Gorilla ku UC Berkeley, ili ndi gawo loyesa ngati modelo ikudziletsa pamene zida zomwe yapatsidwa sizikukhudzana ndi funso, ndipo tatengera pamenepo.

Lamulo lalikulu polemba ntchito ndi kupewa mawu a m'dzina la chida kapena a m'mafotokozedwe ake. Pempho loti "get the stock level for sugar" siliyesa kanthu, modelo imangolifananitsa ndi `get_stock_level`. Pempho lenileni limabwera chonchi: "Shuga wa 1kg tatsala ndi mabelo angati ku Limbe?" kapena "Amayi aja a ku Chipata alipira 4,500, lembani." Theka la ntchito lili m'Chichewa, theka m'Chingerezi, ndipo za m'Chichewazo zambiri n'zosakaniza monga ogulitsa amalembera pa WhatsApp. Omwe adazilemba sadaonetsedwe mafotokozedwe a zida, adangouzidwa zomwe shopu imachita tsiku ndi tsiku. Mafotokozedwewo tawasiya m'Chingerezi, chifukwa Chichewa chimadya ma token (tizidutswa ta mawu tomwe modelo imawerengera) ambiri pa ganizo lomwelo, ndipo mndandanda wa zida umatumizidwa ndi pempho lililonse.

Pochonga zida zolemba timatsata njira ya τ-bench, yomwe Sierra idatulutsa mu 2024. Sitiyang'ana njira yomwe agent wadutsa. Timayerekeza mmene database yathera ndi mmene imayenera kuthera. Agent wina amapeza kasitomala ndi dzina, wina ndi nambala ya foni, ndipo onse alondola. Mayeso ofuna kuti zida ziitanidwe mu dongosolo limodzi akadalephereza mmodzi wa iwo popanda mlandu. Pa zida zowerenga timaona ngati yankho lomaliza lili ndi nambala yolondola. Kuonjezera apo timasunga chida choyamba chomwe chaitanidwa, ma parameter onse, kuchuluka kwa maitanidwe, zolakwika zomwe seva yabweza, ndi ma token omwe adyeka.

Zinthu ziwiri ziyenera kumangidwa zisasunthe. Choyamba ndi database: ndi fayilo ya SQLite yomwe imakopedwa mwatsopano ntchito iliyonse isanayambe, apo ayi invoisi yolembedwa pa ntchito ya 12 imasokoneza ntchito ya 13. Chachiwiri ndi wotchi. Pempho lonena za "dzulo" kapena "dzana" lili ndi yankho losiyana tsiku lililonse, choncho deti limaikidwa lokhazikika mu system prompt (malangizo oyamba omwe modelo imapatsidwa) ndi mu seva momwe.

Ntchito 80 ndi zomwe timaziwerenga pokonza mafotokozedwe. Zina 40 zatsekeredwa: timangoona chiwerengero cha zopambana, ma transcript ake (zolemba za zonse zomwe agent adanena ndi kuchita) sititsegula. Popanda zimenezi n'kosavuta kulemba mafotokozedwe omwe akuyankha mafunso athu enieniwo, n'kumayesa chida chakonzeka.

Gawo 3. Kusiyanitsa phindu ndi mwayi: kwatha

Modelo yomweyo, ntchito yomweyo, mafotokozedwe omwewo, koma zotsatira zimasiyana. Ngakhale temperature, muyeso wa mmene mayankho a modelo amasinthasinthira, itatsitsidwa pa 0, kusiyanako sikutheratu. N'chifukwa chake tisanasinthe chilembo chilichonse timathamangitsa mayeso onse kawiri pa mafotokozedwe amodzimodzi, kuti tione kukula kwa kusiyana komwe kumabwera kokha. Kusintha komwe phindu lake lagwera mkati mwa mpata umenewo sitikuwerengera.

Masamu ake ndi awa. Ngati agent akupambana ntchito 80 pa 100 iliyonse, ndipo ntchito zilipo 120, standard error, muyeso wa kukayika pa chiwerengerocho, ndi square root ya 0.8 × 0.2 ÷ 120, yomwe ndi pafupifupi 0.037. Mukachulukitsa ndi 1.96 mumapeza mapointi 7 mbali iliyonse. Ndiye lipoti lonena kuti takwera kuchoka pa 80 kufika pa 84 silikunena kanthu. Ntchito iliyonse timaibwereza kasanu, ndipo izi zimachepetsa kusinthasintha kwa modelo, koma sizisandutsa ntchito 120 kukhala 600. Ntchito yovuta imavuta kasanu konseko.

Chomwe chimathandiza ndi kuyerekeza ntchito ndi ntchito. Timaitenga ntchito kuti yapambana ikadutsa kanayi mwa kasanu. Kenaka timawerenga zomwe zimalephera ndi mafotokozedwe akale koma tsopano zikupambana, ndi zomwe zimapambana koma tsopano zikulephera. Zomwe sizinasinthe timazisiya. Iyi ndi McNemar test. Zokonzeka zikakhala 9 ndi yowonongeka 1, p (mwayi woti kusiyana kotere kungobwera kokha) ndi pafupifupi 0.02, ndipo kusinthako timakulandira. Zikakhala 8 ndi 2, p ndi pafupifupi 0.11, ndipo sitikulandira, ngakhale m'maso zikuoneka ngati zayenda.

Pa zida zokhudza ndalama timaonetsanso pass^k, muyeso wochokera ku τ-bench womwewo, wofunsa ngati agent apambana maulendo onse k, osati kamodzi kokha. Mwayi wopambana ulendo uliwonse ukakhala 0.9, wopambana kasanu motsatizana ndi 0.59, ndipo maulendo 8 ndi 0.43. Mwini shopu sakhutira ndi kalaliki yemwe amalemba malipiro molondola kasanu ndi kanayi pa khumi, ndipo pass^k ndiyo imaonetsa zimenezi poyera.

Gawo 4. Zomwe zikulakwika ndi chifukwa chake: lili mkati

Chinthu chothandiza kwambiri pano ndi tebulo lomwe lidayamba ndi mizere 14 ndi mizati 15. Mzere ndi chida chomwe chimayenera kuitanidwa poyamba, mzati ndi chomwe chaitanidwadi, ndipo mzati wa 15 ndi wa pomwe agent sanaitane chilichonse. Zolakwika sizibalalika paliponse, zimaunjikana m'mabokosi ochepa, ndipo bokosi lililonse ndi zida ziwiri zomwe zikulimbirana ntchito imodzi.

Mulu waukulu udali pa `search_products`, `list_products` ndi `get_stock_level`. Chilichonse pachokha chidali ndi mafotokozedwe oona. Koma palibe chomwe chimanena malire ake, ndipo funso la mabelo a shuga limakwanira pa zonse zitatu. Chomwe chidasuntha tebulo ndi kulemba zomwe chida chimabweza, zomwe chimafuna chisanaitanidwe, ndi pomwe sichiyenera kugwiritsidwa ntchito, mpaka kutchula dzina la chinzake. Mafotokozedwe a `get_stock_level` tsopano akuyamba motere: "Returns quantity on hand for one product at one branch. Needs a product_id from search_products. Do not use for prices or product names, use search_products." Chida cha `list_products` tachichotsa. Ntchito iliyonse yomwe chimagwira, `search_products` imaigwira ndi ma token ochepa, ndipo palibe chiganizo chomwe chidatha kulekanitsa ziwirizo. Zida zatsala 13, ndipo tebulo lachepa mzere umodzi ndi mzati umodzi.

Mawu okuwa monga "ALWAYS" ndi "MUST" tidawayesa pa `find_customer`. Amakonza bokosi limodzi n'kuononga gulu lachitatu: agent amayamba kufufuza kasitomala ngakhale pa mafunso a sitoko. Kunena chifukwa kumagwira bwino kuposa kukuwa. Chiganizo choti zida za ma invoisi zimalandira `customer_id` yokha, yomwe imapezeka ndi chidachi, chimakwanira.

Pa ma parameter ndiye pali nkhani yambiri, ndipo yaikulu ndi ya ndalama. Chida cha `record_payment` chimalandira `amount` ngati nambala yathunthu ya matambala, monga mapulogalamu ambiri a ndalama amachitira popewa mavuto a ma decimal. Kwacha imodzi ndi matambala 100. Pempho likati kasitomala walipira K50,000, agent amalemba 50000, ndipo database imalandira K500. Seva sibweza cholakwika chilichonse, chifukwa 50000 ndi nambala yovomerezeka. Agent amanena kuti malipiro alembedwa, ndipo transcript imaoneka yoyera. Cholakwika chotere chimagwidwa ndi kuyerekeza database kokha. Kulemba za matambala m'mafotokozedwe aakulu kudathandiza pang'ono. Kuzilemba mu `description` ya parameter yeniyeniyo kudathandiza koposa, chifukwa ndi pomwe modelo imayang'ana ikamadzaza. Koma tikuona kuti apa chokonza ndi chida, osati mawu: parameter tsopano ndi `amount_kwacha`, imalandira mawu a nambala monga "50000.00", ndipo seva ndiyo imachulukitsa ndi 100. Masamu omwe code ingachite yokha asasiyidwe m'manja mwa modelo.

Pafupi ndi pomwepo pali `currency`. Malawi ndi Zambia onse ndalama zawo ndi kwacha, MWK ndi ZMW pa ISO 4217, ndipo mphamvu zake n'zotalikirana kwambiri. Shopu yomwe ili ndi makasitomala ku Mchinji ndi ku Chipata imalandira zonse ziwiri. Parameter itakhala ndi default ya MWK, agent amaidumpha, ndipo 4,500 ya amayi a ku Chipata imalembedwa ngati ya ku Malawi. Tsopano ndi `enum` ya ziwirizo, ili mu `required`, ndipo mafotokozedwe ake akuti mawu oti kwacha paokha sakwanira: aone `default_currency` ya kasitomala yomwe `find_customer` imabweza, ndipo ikasowa afunse.

Kuchuluka kwa katundu kuli ndi vuto lofanana. Ogulitsa amanena za mabelo ndi makatoni, database imawerenga mapaketi. Belo la shuga m'database yathu ndi mapaketi 20, choncho "mabelo 5" olembedwa ngati `quantity: 5` amachotsa mapaketi 5 m'malo mwa 100. Taonjezera `unit` yokhala ndi `enum`, ndipo `search_products` ikubweza miyeso yomwe katundu aliyense amagulitsidwira.

Madeti ndi a ISO 8601, `YYYY-MM-DD`, chifukwa 03/04 kwa ife ndi pa 3 Epulo pamene kwa pulogalamu yozolowera kalembedwe ka ku America ndi pa 4 Malichi. Mafotokozedwe ayeneranso kunena ngati `to_date` ikuphatikiza tsikulo kapena ayi. Agent akapanda kuuzidwa amangoganizira, ndipo malonda a tsiku lomaliza la mwezi amasowa. Ndipo nthawi yathu ndi UTC+2, choncho malipiro a pa foni omwe alowa pakati pa 12 koloko usiku ndi 2 koloko m'bandakucha amagwera pa deti la dzulo ngati seva ikuwerenga ndi UTC. Seva tsopano imawerenga masiku ndi `Africa/Blantyre`, ndipo mafotokozedwe akunena zimenezo m'chiganizo chimodzi.

Zitsanzo m'mafotokozedwe zimafuna kusamala. Titaika `CUS-00412` ngati chitsanzo cha `customer_id`, modelo yaing'ono nthawi zina imatumiza nambala yomweyo ikalephera kupeza kasitomala. Tsopano maonekedwe a ID ali mu `pattern` ya schema, chitsanzo ndi nambala yomwe m'database mulibe, ndipo chiganizo chotsatira chikuti ID isapekedwe.

Zomwe chida chimabweza nazonso ndi mbali ya mafotokozedwe, chifukwa agent amaphunzira chidacho poziwerenga. `list_invoices` imabweza ma invoisi 50 pa tsamba. Akafunsidwa ngongole yonse ya kasitomala wamkulu, agent amaphatikiza tsamba loyamba lokha n'kupereka yankho molimba mtima. Kubweza zonse si yankho: Claude Code, mwachitsanzo, imaika malire a ma token 25,000 pa yankho la chida cha MCP pokhapokha mutasintha, ndipo ngakhale pomwe malire palibe, ma invoisi mazanamazana amadzaza context, malo a zomwe modelo imatha kuwerenga pa nthawi imodzi. Yankho tsopano likuyamba ndi `total_count`, `total_amount` ndi `has_more`, ma invoisiwo akubwera pambuyo. Kuphatikiza kwabwerera ku SQL.

Gulu lachinayi laonetsa kuti uthenga wa cholakwika ndi mafotokozedwe achiwiri, omwe agent amawawerenga pa nthawi yomwe akufunitsitsa thandizo. MCP imasiyanitsa mitundu iwiri: cholakwika cha protocol, chomwe chimabwera ngati error ya JSON-RPC, ndi cholakwika cha chida, chomwe chimabwera ngati yankho wamba lokhala ndi `isError: true`. Choyambacho pulogalamu ya pakati imatha kuchimeza, modelo osachiona. Choncho zolakwika zonse zomwe agent angazikonze tazisamutsira ku mtundu wachiwiri. Uthenga woti "422 Unprocessable Entity" umamupangitsa kubwereza zomwezo kapena kugwa ulesi. Uthenga wotchula parameter yomwe yalakwika, chomwe chalandiridwa, ndi chomwe chikufunika umakonzedwa pa kuitana kotsatira.

Chomwe sichinathe ndi timeout pa `record_payment`. Seva ikalemba malipiro koma yankho n'kuchedwa, agent sadziwa ngati zatheka, ndiye amaitananso, ndipo malipiro amalembedwa kawiri. Kuyambira mu Malichi 2025 MCP ili ndi ma annotation (zizindikiro zofotokoza khalidwe la chida) anayi, `readOnlyHint`, `destructiveHint`, `idempotentHint` ndi `openWorldHint`, ndipo wina angaganize kuti `idempotentHint: false`, yonena kuti kuitana kawiri sikufanana ndi kuitana kamodzi, ikwanira. Koma izi zidapangidwira pulogalamu ya pakati, mwachitsanzo kuti ifunse munthu chilolezo. Zomwe chida chimanyamula popita ku API ya modelo ndi dzina, mafotokozedwe ndi schema, ndipo pa pulogalamu yathu ma annotation safika kwa modelo. Musakhulupirire zomwe zili mu code ya seva. Sindikizani pempho lenileni lomwe likupita kwa modelo muone chomwe chilimo. Chenjezo loti akalandira timeout ayambe waona `get_invoice` taliika m'mafotokozedwe, ndipo lachepetsa vutoli osalithetsa. Pass^5 ya ntchito zimenezi ikadali yotsika kuposa gulu lina lililonse. Njira yomwe ikulembedwa ndi ya `reference`, nambala ya risiti kapena ya uthenga wa malipiro a pa foni, yomwe seva idzakana kuilemba kachiwiri n'kubweza malipiro omwe alipo kale.

Gawo 5. Dongosolo la kusintha, mtengo ndi chitetezo: langoyamba

Kusintha kumodzi, mayeso amodzi. Dzina, mafotokozedwe ndi schema zikasinthidwa nthawi imodzi, simudziwa chomwe chathandiza ndi chomwe chaononga. Ndipo mayeso amathamanga onse 120, osati a chida chomwe chasinthidwa chokha, chifukwa chiganizo choonjezedwa pa chida chimodzi chimatha kukoka ntchito za chinzake. Mafotokozedwe ali m'fayilo yawoyawo mu git, ndipo zotsatira zilizonse zimasungidwa pamodzi ndi commit komanso dzina lenileni la modelo, kuphatikizapo version yake.

Timayesa pa ma modelo awiri a makampani osiyana, ina yaikulu ina yaing'ono. Yaikuluyo imabisa mafotokozedwe oipa chifukwa imatha kuganizira zomwe wolemba amatanthauza. Yaing'ono imagwa pomwe pali dzenje, ndiye ndi yabwino popezera mavuto. Kusintha timakulandira ngati kwathandiza imodzi popanda kuononga inzake.

Pa mtengo, mafotokozedwe atsopano atalika. Zida 13 za ma token 300 chilichonse ndi ma token 3,900 pa pempho lililonse, ndipo ntchito ya maitanidwe 10 imawanyamula kakhumi. Prompt caching, kusunga mbali yoyamba ya pempho yomwe imabwerezedwa, imatsitsa ndalama koma malo mu context amadyekabe, ndipo pa API ya Anthropic zida ndizo zimakhala kumayambiriro kwa zomwe zimasungidwa, choncho kusintha chiganizo chimodzi kumafafaniza cache yonse. Timawerenga ma token a ntchito yonse, osati a mafotokozedwe okha. Mafotokozedwe otalika omwe apulumutsa maitanidwe awiri osochera amatchipa. Tayambanso mayeso ochotsa: chiganizo chimodzi chimachotsedwa, ndipo zotsatira zikapanda kusintha chimachokeratu. Zoyamba kugwa ndi zija zobwereza dzina la chida m'mawu ena.

Mafotokozedwe ndi mawu omwe modelo imawamvera, ndiye ndi khomo lomwe wachiwembu angalowere. Mu Epulo 2025 Invariant Labs idaonetsa tool poisoning: chida chooneka ngati chongophatikiza manambala awiri, koma m'mafotokozedwe ake muli malangizo oti modelo iwerenge mafayilo achinsinsi monga makiyi a SSH n'kuwatumiza kudzera mu parameter. Munthu amaona dzina la chida, modelo imawerenga zonse. Seva imathanso kusintha mafotokozedwe mutaivomereza kale. Pakali pano tikusunga SHA-256 (chidindo chomwe chimasintha chilembo chimodzi chikasintha) ya yankho la `tools/list` la seva iliyonse yomwe agent alumikizidwa nayo, ndipo ikasintha, kapena pakabwera `notifications/tools/list_changed`, zida za sevayo zimaima mpaka munthu aone zomwe zasintha.

Zotsatira pa mndandanda

Choyamba ndi kumaliza `reference` ya `record_payment` n'kuthamangitsanso gulu lachinayi lonse. Chikatha chimenecho, `create_invoice` ndi `cancel_invoice` zidutse njira yomwe zida zowerenga zadutsa. Pa `cancel_invoice` pali funso lomwe mayeso sanaligwire bwino: agent akufufuta invoisi yolondola, koma nthawi zina osafunsa kaye. Database imathera bwino, ndiye ntchito imachongedwa kuti yapambana, pamene malamulo a shopu akuti afunse. Pakufunika kuchonga kwina koona ngati chilolezo cha munthu chidabwera chida chisanaitanidwe.

Zotsatira za ntchito za m'Chichewa ndi za m'Chingerezi sizinalekanitsidwe mu lipoti. Ntchito 60 mbali iliyonse ndi zochepa, mpata wa kukayika umafika mapointi 10, choncho tikulemba ntchito iliyonse m'zilankhulo zonse ziwiri kuti tiyerekeze ziwiriziwiri monga mu Gawo 3. M'ma transcript zikuoneka kuti vuto lili pa `search_products`: agent amatumiza "mafuta ophikira" pamene database ili ndi "cooking oil", kapena amamasulira dzina lomwe silimayenera kumasuliridwa. Tiyesa njira ziwiri padera, chiganizo chonena chilankhulo cha mayina a katundu, ndi mndandanda wa mayina ena mu seva.

Chomaliza ndi kulumikiza seva yachiwiri, ya makalata a imelo, yomwe ilinso ndi chida chotchedwa `search`. Tebulo la Gawo 4 liyenera kukulitsidwa kuti litenge zida za ma seva onse awiri, ndipo tiyesa mayina okhala ndi chiyambi cha seva, `shop_search_products` ndi `mail_search`, poyerekeza ndi omwe alipowa. Ntchito zina 30 zofuna ma seva onse awiri zikulembedwa, ndipo 10 mwa izo zipita ku gulu lotsekeredwa.